Pulogalamu Yosadziwa Malume

Consolata, wokonza makompyuta pakampani yoombola katundu paboda ya Mchinji, ankangoyang'ana mapulogalamu awiri pakompyuta yake. Akulikulu ankadikira kuti asankhe pulogalamu yolandirira madandaulo a antchito okhudza makompyuta ndi mafoni. Ina inkalola mabwana kudumpha mzere, pomwe inzakeyo inkangopereka manambala, woyamba kudandaula n'kukhala woyamba kuthandizidwa.

Panja mathiraki atatu anali chiimire kuyambira dzulo, chifukwa kompyuta ya Eneya, kalaliki wa mapepala, inali itazima.

Chitseko chinatseguka popanda odi. Anali a Wilson, manijala, malume ake a Consolata amene anamupezera ntchitoyi.

"Iwe Conso, tasiya kaye zimenezo. Undiikire nyimbo za kwaya mufonimu."

Consolata anadina pulogalamu yachiwiri ija. Anaimirira, n'kupinda maondo mwaulemu.

"Malume, inu ndinu nambala 2. Woyamba ndi Eneya."