Chisa cha Thovu

Atelala anaima kumapeto kwa mzere m'sitolo ya nsomba zoweta, chikwama atachikumbatira pachifuwa. Mashelefu onse anali mabotolo okhaokha, botolo lililonse muli nsomba imodzi ya beta. Pakati pa mabotolowo anaikapo timakatoni kuti zamphongo zisaonane, poti zikangoonana ndi ndewu basi. Mayi wosoka zovalayu sankafuna n'kuziyang'ana komwe. Iliyonse inkaoneka ngati ikudziwa zimene iwo anachita Lachiwiri.

Kunyumba kwawo nsombazi zinalipo ziwiri, yamphongo ndi yaikazi, ndipo sizinali nsomba wamba ayi. Malemu apongozi awo aamuna anaweta mtundu umenewu zaka khumi ndi ziwiri, kusankha makolo, kusankhanso ana, mpaka anatulutsa zofiira psuu zokhala ndi kamzere koyera kumchira. Atamwalira zinatsala ziwirizo. Mwana wawo, mwamuna wa Atelala, ndiye anazitenga, n'kulonjeza mayi ake kuti mtunduwo sudzatha iye ali moyo.

Lamlungu bamboyo anaimbira mayi ake foni kuti zatheka, yaikazi yaikira mazira ndipo yamphongo ikuwalondera m'thanki yagalasi ya pabalaza. Yaikaziyo anati waichotsa, ikupuma m'ndowa yovindikira kuchipinda chosungira katundu, wina asavundukule chifukwa kuwala kumaidzidzimutsa. Apongozi aakazi anasangalala mpaka kulira, nati abwera Lachiwiri madzulo kudzaona ndi maso awo.

Ndiye nanga mkazi wanji angalandire apongozi m'nyumba yauve? Atelala anakolopa, anapukuta mawindo, kenako maso anagwa pa thanki ija. Abale inu, madzi ake! Ofiirira ngati tiyi, tsamba louma likuyandama, pansi pa tsambalo thovu lili mbuu ngati wina walavuliramo. Anaganiza kuti mazira a nsomba amakhala pansi, pa timiyala, choncho pansipo sanakhudze n'komwe. Anangotenga sefa ya tiyi, n'kuwola thovu lonselo pamodzi ndi tsamba, n'kukataya m'sinki. Yamphongo inatambasula zipsepse, kulimbana ndi sefayo, iwo n'kumaiseka kuti kanthu kakang'ono koma mkwiyo ngati mwini nyumba.

Madzulo bambo uja analowa ndi mayi ake. Anayang'ana thanki, nayang'ana mkazi wake, n'kukhala pampando manja ali kumutu.

"Thovu lija ndiye chisa," anatero motsitsa mawu. "Yamphongo imatola dzira limodzilimodzi ndi pakamwa n'kumaika mmenemo."

Atelala anagwada pomwepo n'kuulula zonse, za sefa, za sinki, ngakhale za kuseka kuja. Apongozi sanakalipe. Anangoti, "Zaka khumi ndi ziwiri za mwamuna wanga, mwazitsira m'sinki," n'kunyamula chikwama chawo tiyi asanamwe.

Koma chimene chinawalasa kwambiri Atelala ndi mwamuna wawo. Munthu wa mtima wapachala uja, amene amayaka moto rimoti ikangosowa, sanakweze mawu ngakhale pang'ono. Anawadzutsa pansi, nawagwira paphewa.

"Zachitika zachitika, mayi. Ndakukhululukirani. Nkhaniyi tisaibwerezenso."

Bola akanawazazira! Chifundo chimenechi chinkawadya usana wonse. Lachitatu analumikiza mkono wa malaya a kasitomala chozondoka. Lachinayi anaimbira apongozi kawiri, foni n'kumangoitana. Pakhomo la chipinda chosungira katundu ankadutsa monyang'ama, ndowa ija osaiyandikira, kuopa kupalamulanso. Ankachita manyazi ndithu, manyazi omwe anali asanawamvepo m'banjamo.

Chiyembekezo chinali chimodzi chokha. Yaikazi ikanenepanso, ikhoza kuikiranso, ndipo apongozi angayambenso kuwatchula kuti mwana wanga. N'chifukwa chake lero Lachisanu anatseka shopu masana, osauza aliyense, n'kukwera basi kubwera kuno.

Mzere unatha. Wogulitsa, mkulu wadazi yemwe ankacheza ndi malemu kuyambira kale, anawazindikira msanga.

"Ah, mayi athu! Lero mwabwera nokha? Bambo ali bwanji?"

"Ali bwino, achimwene. Ndikufuna chakudya chonenepetsa yaikazi, chabwino zedi chimene muli nacho. Ndikufuna iikirenso msanga."

Mkuluyo anatsegula firiji n'kutulutsa kapaketi ka timphutsi tofiira touma ndi chisanu.

"Izi ndiye zenizeni. Pang'ono m'mawa, pang'ono madzulo, sabata ziwiri mimba ili tuu. Kani mwapeza yaikazi ina? Mwaigula kuti?"

"Ina bwanji? Yomwe ija ya malemu." Atelala anaweramitsa mutu. "Ndinalakwitsa ine, achimwene. Ndinataya chisa ndi mazira omwe. Ndinkayesa ndi uve."

Wogulitsa uja anaima, kapaketi kali m'manja. Anawayang'ana, nakanda dazi lake.

"Mazira ati, mayi? Yamphongo imapanga thovu ngakhale ili yokhayokha. Yaikazi ija bambo anabwera nayo kuno Loweruka itafa, ataikulunga m'pepala. Anazisiya pamodzi tsiku lonse iwo ali ku mpira, yamphongo n'kuing'amba isanaikire ndi dzira limodzi lomwe." Anatsitsa mawu. "Anandichonderera kuti ndisawauze mayi awo. Za inu sananene."