Chipolopolo Choyankha Mochedwa

Haddou anakhethemula mfuti, koma inangoti khethe, osalira. Nguluwe, yomwe inali itasakaza kale theka la munda wake wa balere, inadzutsa mutu n'kumuyang'ana.

"Thawani alamu!" anakuwa Bassou ali kuseri kwa mkungudza. "Ndinakuuzani ine, zipolopolo za nthawi ya atsamunda Achifalansa zinafa kalekale! Mukufuna mlongo wanga akhale wamasiye?"

Haddou sanasunthe. Mfuti inali idakali paphewa, tsaya litagona pa mtengo wake wosalala. Chipolopolo chimenechi chinali chotsiriza m'kachitini ka malemu bambo ake, ndipo m'misika yonse ya m'mapiri a Atlas munalibenso wogulitsa zamtunduwu. Bambo akewo ankati chipolopolo chakale chili ngati nkhalamba: ukachiitana usafulumire kuchoka, chimayankha mochedwa.

Anadikira. Nguluwe inayamba kupalasa pansi.

Phuu! Utsi woyera unakuta munda. Chipolopolo chinakamenya mwala, nguluwe n'kuliyatsa liwiro kulowa m'tchire.

Bassou anatulukira akusasa fumbi pa mkanjo wake. "Mwaphonya! Chinyama chachikulu ngati bulu, inu n'kuwombera mwala. Mwalawo ndi umene umakudyerani balere?"

Haddou anatulutsa chigoba chamkuwa chikadali chotentha n'kuchinunkhiza. Linali fungo lomwe lija la onga, limene linkamveka pa mkanjo wa bambo ake akamamunyamula pochokera kosaka.

"Alamu, kodi mukulira?"

"Ndi utsiwu," anatero Haddou, koma m'utsimo sanachokemo.