Dzina Pansi pa Penti

"Ndiwe wakuba, Clive! Wafufuta dzina langa!"

Zipporah anakuwa mpaka atelala a mzere wonse wa mumsika wa Chisokone anaimitsa makina. M'manja anali ndi kabolodi ka zamagetsi kamene anakapanga yekha, kozimitsa pampu thanki ikadzaza. Iye ku koleji sanapondeko ngati msuweni wake Clive, zonse anaphunzira pafoni. Anasindikiza njira za magetsi papepala, n'kuzisita ndi nsimbi kuti zimatirire pa chitsulo cha kopa, n'kuviika mu asidi. Pakona anaikapo dzina lake, la kopa lomwe.

Dzulo anasiya kabolodiko pa kantemba ka Clive, kashopu kake kokonzerapo zamagetsi, kuti angokapaka vanishi yoyera, poopa kuti chinyezi cha dzinja chingadye kopayo. Lero anakapeza kunsi kuli bii, penti yakuda yokhuthala ngati phula la pamsewu.

"Mwaice, tsitsa mawu," anatero Clive, akumuitana ngati kamwana. "Tikambirana kunyumba."

"Kunyumba? Ba Horace atapita kale, eti? Satifiketi yakoyo ndi yobera thukuta la anzako?"

Ba Horace anali ataima pomwepo, ambulera m'khwapa. Anali ndi nyumba zisanu ku Riverside zogonamo ana a payunivesite, ndipo mathanki ake ankasefukira daily. Anali atalonjeza kuti kachipangizoko kakagwira ntchito, wokapanga adzamupatsa ntchito ya m'nyumba zonsezo. Ndipo kanali katagwiradi. Atakayesa m'ndowa, madzi atafika pakamwa, pampu inazima yokha. Koma dzanja limene mdalayo anagwira moyamikira linali la Clive.

Apa ndi pamene magazi a Zipporah anawirira. Zaka zitatu akuwotcherera mawaya pa kantembako, makasitomala n'kumathokoza "ba injiniya" Clive, iye n'kumatumidwa madzi akumwa. Lero ayi.

Anatsomphola botolo la thina wosungunulira penti pashelefu, natenga kansanza.

"Zippo, usayerekeze," Clive anatero motsitsa, maso ali pansi.

"Mwamumva? Akuopa! Ba Horace, senderani kuno muone mwini wake."

Anapukuta mwamphamvu. Atelala anayandikira, wina tepi ili m'khosi. Penti inayamba kusungunuka, kopa nawala. Dzina linatulukadi.

Koma linali chammbuyo, ngati pagalasi, Z ali kumapeto. Zipporah anali ataiwala kutembenuza chithunzi asanasite, ndiye njira zonse zinali zagada. Pamwamba pake panadutsa timawaya tisanu ndi tinayi, towotcherera mwaudongo ngati ntchito ya singano, tokonza cholakwacho. Luso limenelo aliyense pamzerewo ankalidziwa kuti ndi la Clive.

Ba Horace anavala magalasi, nayang'anitsitsa.

"Tsono ntchito ndipatse ndani apa, wolemba chammbuyo kapena wa timawayati? Iwe mtsikana, mawu unali nawo ambiri. Yankha!"