Mkamwini woyenda chafutambuyo

"Musatembenuke," Thandie adanong'oneza chibwenzi chake, Mackson, pageti. "Msewu wonse wa ku Kawale mwabwera nawo kumsana."

Mackson adagwira kumbuyo kwa shati yake yoyera, dzanja n'kubwerako lili psuu. Dzulo lake adachotsa madigadi panjinga, ati ankaionetsa ngati ya kabaza. Jekete nalo adalisiya dala kuti shati yatsopanoyo ioneke. Tsono mvula ya m'mawa idasiya zithaphwi mpaka ku Area 23, ndipo tayala lakumbuyo lidamulemba mzere wa matope kuyambira palamba kukafika pakolala.

"Ndibwerere kaye ndikasinthe?"

"Mubwerere kuti? Amalume achokera ku Dedza kudzaona inuyo."

Mackson adalowa m'nyumba chammbali ngati nkhanu, n'kukhala pampando msana utamatirira. Mafunso onse adayankha bwinobwino: kwawo, ntchito, mpingo. Potsanzika adadzuka n'kuyamba kuyenda chafutambuyo, akuwomba m'manja mpaka pakhomo.

Amalumewo adagwedeza mutu mokhutira.

"Mwaona, alongo? Mwana uyu ndi woleredwa. Safuna n'komwe kutifulatira. Anyamata aulemu chonchi m'tauni muno adatha kalekale."

Mayi a Thandie adadzuka. Maso awo adali pansalu yoyera yoyala pampando uja, ija amaitulutsa pakabwera alendo okhaokha.

"Ulemu ali nawo ndithu," adatero uku akuichotsa ndi zala ziwiri. "Thandie, pomuperekezapo umuuze kuti ulendo winawo adzabwere ndi sopo."