Gadiyani Amene Anaiwala Mapiritsi m'Minibasi

Panali munthu wina dzina lake Benson, wa cha ku Sharpevale kuno. Dzinalo sindibisa dala.

Mlamu wake Fyson, mlimi wa mpunga, anali ndi chithokomiro chachikulu pakhosi. Popita ku opaleshoni ku Blantyre, Benson ndiye anali gadiyani. Tsiku lotuluka m'chipatala, mawu a Fyson anali asanabwerere bwino, ndiye dokotala anaitana Benson pambali.

"Bambo, mvetsetsani. Chotupachi chinali chachikulu ndipo tachotsa chonse. Zikatero mchere wa kashiamu umatsika m'magazi. Mapiritsi oyerawa asamadumphitse. Akangomva dzanzi pamilomo kapena m'zala, thamangirani nawo kuchipatala."

"Musadandaule adokotala, ali m'manja mwanga."

Jumbo ya mapiritsi anaiiwala m'minibasi. Manyazi anamugwira. Kunyumba anangoti, "Ati zatheka, azingodya bwino."

Posakhalitsa Fyson anayamba kudandaula. "Alamu, pamilomo panga pakuyenda nyerere."

"Ndi kuzizira kumeneko, fundani bulangete."

Lamulungu lina m'tchalitchi zala za Fyson zinapindika n'kuuma gwa, miyendo inakokana, munthu anagwa n'kuyamba kuphupha. Anthu anathawira panja akukuwa kuti ndi khunyu, musamukhudze mungatengere. Benson anali pomwepo, buku la nyimbo m'manja. Za mapiritsi aja anabisabe.

Kuyambira pamenepo Fyson anamupatulira kapu yake ndi mbale yake. Kumunda anzake ankamupatsa moni ali patali. Mkazi wake Ida, mlongo wa Benson yemweyo, anatenga ana n'kupita kwa azakhali ake ku Nzama, ati ana angatengere. Fyson ankaswera pakhonde yekha, kutsegula zala za dzanja lina ndi linzake.

Atagwanso, woyendetsa kabaza wina ndiye anamunyamula kupita naye kuchipatala. Namwino atangoona chipsera pakhosi anafunsa, "Mapiritsi a kashiamu mukumwa?"

"Mapiritsi ake ati, amayi?"

Atamupatsa mankhwala, kugwa kunatha. Koma Ida anali atazolowera kale kumene ali, ndipo pamudzi mpaka lero Fyson amamutchula wakhunyu. Benson amadutsa pakhomopo pa njinga tsiku ndi tsiku. Pepani sananenebe.

Phunziro: Akakuchotsani chithokomiro, malangizo a dokotala mumve ndi makutu anuanu, ngakhale mawu asakutuluka. Dzanzi pamilomo ndi kuuma zala ndi nkhani ya kuchipatala tsiku lomwelo. Ndipo iwe gadiyani, ukataya mankhwala nena. Tumizirani ena, makamaka amene ali ndi m'bale wodikira opaleshoni.