Chipatala cha Khwangwala

Padangokhalatu, anthuni, kale ine ndikuyetsemula mitambo nkubalalika, nyama zidafuna katswiri wokonza mzinda. Adapikisana awiri, Njovu ndi Khwangwala.

Njovu adati, “Mapulani ngachiyani? Pomwe ndaponda, msewu ndi womwewo.” Adangoyenda kamodzi, nyumba za a Mbewa phwanyu!

Khwangwala adakonza kolala wake woyera uja, nauluka mpaka kupsa nsidze ndi dzuwa, ine ndikuona ndi maso angawa. Potera adati, “Nyumba zikhale kuno, msika kutsidya kwa mtsinje, chipatala pamwamba pa phiri la kutsidya komweko.”

Mayi Nkhumba, ali ndi pathupi, adafunsa, “Nanga mlatho, achimwene?”

“Mlatho wachiyaninso, mayi? Ndi pafupitu apa, kukupiza mapiko kawiri basi!”

Nyama zidaombera kolalayo m'manja, ntchito nkumpatsa. Mayi Nkhumba adachirira m'bango, odwala ena nkumangoloza chipatala ndi chala.

Tsiku lomuveka Khwangwala mendulo, Njovu adadza kudzamuyamikira, ndipo mwangozi, akutero mwiniwake, adamponda phiko. Thyoo! Kulira kwake kudagwetsa mango onse mpaka ku Nsanje.

“Ndithamangitseni kuchipatala, abale anga!”

Mayi Nkhumba adayankha akuyamwitsa ana, “Ndi pafupitu apa, bwana. Kupizani kawiri basi.”

Mpaka lero mukamuona Khwangwala akudumphadumpha pansi, kolala ali m'khosi, musamufunse: akusaka mlatho. Wotsutsa akafunse Njovu, ndi mlamu wanga. Kaphuleni mbatata ija, isapserere ngati nsidze za Khwangwala!