Ovolosi ya Bambo

"Amayi, thumbali linali kumanzere kapena kumanja?" anafunsa Dailes, akuwapatsira chidolecho.

Ankasokera zidole za pakaunjika zovala zamakedzana, zokaonetsa pachikondwerero ku Nzama. Chilundu sichinamuvute, koma kaovolosi ka kumgodi anali atakaphwasula kanayi. Ankafuna kafanane ndendende ndi ovolosi ya bambo ake, omwe anapita ku Joni iye asanabadwe, osabwerakonso. Ankangowadziwira pachithunzi chimodzi chofwifwa.

Amayi akewo anachitembenuza chidolecho.

"Sindingadziwe, mwanawe. Wapachithunzipo si bambo ako."

"Mukuti chiyani?"

"Bambo ako sanatumizeko ngakhale kalata. Unkalira kuti anzako ali ndi zithunzi za abambo awo, ndiye ndinakapempha chimenechi kwa mnzanga wa ku Kandeu. Ndi mlamu wake."

Dailes anaika singano pansi. Zaka makumi anayi zonsezi ankapempherera munthu wa eni.

"Nanga iwowo ankaoneka bwanji?"

Amayi anatseka maso kwa nthawi yaitali.

"Ndinachiyang'anitsa chithunzichi, mwanawe. Ndikati ndiwakumbukire, amabwera ndi yemweyu."